Njinga Zokokera Kumanzere

Fakitale imene Ketrina Kalekeni ankagwirako ntchito inali ku Govan, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, m'chinyumba chakale cha njerwa zofiira, kuseri kwa msewu umene mabasi amadutsa popita kuchipatala chachikulu. Munkagwira anthu osakwana makumi atatu, ndipo ntchito yawo inali yolumikiza njinga za anthu aulumali. Chovuta pantchitoyi chinali chakuti panalibe njinga ziwiri zofanana. Wina ndi wamtali, wina miyendo ndi yaifupi, wina amayendetsa ndi dzanja limodzi lokha. Oda ikangosintha, makina akale ankaima masiku awiri, anthu ali kalikiliki kuwamasula ndi kuwauza zochita kuyambiranso pachiyambi.

Ketrina analembedwa ntchito kuti athetse zimenezo. Anali injiniya wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wakwawo ku Ntcheu, ndipo maphunziro ake omaliza anachitira pa yunivesite ya ku Hillhead. Zimene anakonza zinali mikono inayi ya loboti, uliwonse pa kangolo kakekake. Ukaukankhira pamalo pake n'kulumikiza chingwe, mkonowo unkadziwitsa kompyuta kuti ndi wogwira ntchito yanji, kaya wonyamula, kaya womanga mabawuti, ndiponso mphamvu zake zimalekezera pati. Mu kompyutamo munali malamulo a kalumikizidwe ka njinga. Iyo inkawerenga oda, n'kuona mikono imene ilipo tsikulo, kenako n'kudzigawira ntchito yokha popanda munthu woiuza kuti yambira apa.

Koma malamulowo sankagwa kumwamba. Anayenera kuchokera m'mitu ya anthu, ndipo mutu umene unali ndi ambiri unali wa a Rowland.

A Rowland anali bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, wojintcha, wa manja ngati mafosholo. Anagwira zaka makumi awiri kokhoma sitima zapamadzi asanabwere kufakitaleyi. Ketrina ankawalemekeza ngati bambo ake, moti mwezi wonse woyamba lilime linkamulemera kuwatchula dzina lokha monga amachitira anthu akuno. Iwo ankamuitana kuti "hen", mmene anthu a ku Glasgow amaitanira mkazi aliyense. Sabata yoyamba Ketrina anakadandaula kwa mwamuna wake Japhet kuti kuntchito kuli mdala wina akumunena kuti nkhuku, Japhet n'kuseka mpaka kutsamwa tiyi.

Kwa miyezi inayi Ketrina ankawatsata a Rowland ndi kope m'manja.

"Bwanji mwayambira bawuti yakumanjayi?" ankafunsa.

"Chifukwa ndi imene ikuyenera kuyamba."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndaiona."

Mafunso atakanika, anaika kamera pamwamba pa tebulo lawo. Masana alionse ankaonera vidiyoyo pang'onopang'ono, n'kumalemba zimene manja awo akuchita. A Rowland ankalumikiza njinga zinayi pa tsiku, ndipo ankamwanso makapu anayi a tiyi. Njinga ikatsala pang'ono kutha, ankaitsitsa pansi, n'kutenga kapu yawo, n'kukhalapo. Malo amenewo Ketrina ankawadula mu vidiyo. Sankafuna kuti Christina, mkulu wa fakitale, aziona bambo wachikulire akupuma kanayi pa tsiku. Pomaliza anali ndi malamulo mazana atatu ndi khumi ndi awiri.

Tsiku loyesa makinawo linali Lachinayi, kunja kukugwa kamvula kowaza kamene anthu akuno sakawerengera n'komwe. Makina analumikiza njinga khumi za misinkhu yosiyanasiyana, osaima. Mkono womanga mabawuti atauchotsa dala pakati pa ntchito, kompyuta inangoti zii kwa masekondi angapo, kenako inasintha dongosolo, n'kupitiriza ndi zimene zikanatheka mpaka mkonowo utabwezedwa. Atayeza njinga zonse khumi, miyezo inali yolondola. Christina anaomba m'manja. Ketrina anatumizira Japhet uthenga wa mawu awiri: "Zatheka, bambo."

A Rowland anatenga njinga yoyamba, kupita nayo pampata wautali wapakati pa matebulo, kuikankha kamodzi n'kuisiya. Njinga inayenda bwinobwino mamita angapo, kenako inayamba kupendekera kumanzere, mpaka inakagunda bini ya zinyalala. Yachiwiri inachita chimodzimodzi. Yachitatu inawongoka. Pamene ankamaliza, njinga zisanu ndi ziwiri zinali zitaunjikana pa bini paja ngati mbuzi pamthunzi.

"Munthu woyendetsa imeneyi tsiku lonse, phewa lakumanzere lidzamupha," anatero a Rowland. "Pepa, hen. Makina ako ndi anzeru, koma izi sindingazitulutse pakhomo."

Christina anakanda m'mutu. Anakumbutsa Ketrina kuti patsala masabata awiri kuti kubwere alendo ogulira zipatala katundu, odzaona makinawo akugwira ntchito. Sanakalipe. Anangoti, "Upeze chimene chikuchitika."

Ketrina anafufuza Lachisanu lonse. Anayeza mateyala, anayeza mafelemu, anawerenganso malamulo onse. Sanapeze cholakwika.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, iye ndi Japhet anaganiza zoyenda wapansi kubwerera kwawo ku Govanhill, poti kadzuwa kanali katatuluka. Japhet ankagwira ntchito yophunzitsa odwala kuyendanso akachira, pachipatala chachikulu chija. Anamvetsera nkhani yonse manja ali m'matumba.

"Ndiye a injiniya mwagwira njakata," anatero.

"Usandiseke iwe. Ndawafunsa mafunso mazanamazana. Ndawajambula maola osawerengeka. Chatsala n'chiyani?"

"Sipanala unayamba waigwirapo pambali pawo?"

"Ine ndimalemba pulogalamu, Japhet."

"Ine odwala anga ndikawafunsa mmene amakwerera masitepe kunyumba, amandiuza bwinobwino. Ndikapita nawo pamasitepepo, ndimaona zina. Sikuti amanama ayi. Thupi limachita zinthu mwini wake osadziwa."

Ketrina analowa mu kashopu ka Amidu pakona kugula tomato ndi ufa, ndipo potuluka anangoti, "Ovolosi yako yopentera ija ili kuti?"

Lolemba m'mawa anafika pa tebulo la a Rowland atavala ovolosi ya mwamuna wake, atapinda miyendo katatu.

"A Rowland, sabata ino ndikufuna mundiphunzitse ntchito. Osati ya kope. Ndizilumikiza ndekha, inu muzindidzudzula."

Nkhope ya bamboyo inawala. Anayang'ana anzawo a matebulo oyandikana ngati akuti mwamva?

"Zaka makumi anayi ndikudikira kuti injiniya adzandiuze mawu amenewa," anatero. "Yamba wasesa pansipa."

Ketrina anasesa. Kenako anaphunzira kugwira felemu ndi bondo pamene manja onse ali otanganidwa, anaphunzira kusathamangira bawuti, anadzikanda chala ndi sipanala mpaka kuikapo pulasitala. A Rowland ankasangalala koopsa. Ankamuuza nkhani za kokhoma sitima, za mnzawo wina amene anawotcherera bokosi lake la chakudya kuchitsulo cha sitima mwangozi, moti mpaka lero mwina masangweji ake akuyendabe panyanja. Njinga yoyamba ya Ketrina inatha Lachiwiri masana. Ataikankha pampata paja, inapita molunjika ku bini.

"Iwe ndi makina ako ndinu a mimba imodzi," anatero a Rowland.

Lachitatu analumikiza njinga imodzi pamodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo. Itatsala pang'ono kutha, a Rowland anaitsitsa pansi, kutenga kapu yawo, n'kukhalapo. Ketrina anatembenuka kuti akasambe m'manja, monga ankachitira nthawi zonse akaona kapu, kuwapatsa mpata wopuma.

"Poti uli pompano, hen, tandimangira awiri akumbuyowo. Ndisavutike kupinda msana."

Ketrina anagwada kuseri kwa njinga. Anaika sipanala pa bawuti yogwira chitsulo cha mateyala, ndipo bawutiyo inazungulira mosavuta. Inali yosamangitsa. Inzake chimodzimodzi. Atasuzumira kutsogolo, anaona dzanja lamanja la a Rowland lili pansi pa mpando, likumanga bawuti ina ndi kasipanala kakang'ono, pamene lamanzere lagwira kapu, pakamwa akupitiriza nkhani ya mpira.

"A Rowland, dikirani kaye. Mabawuti anayiwa munawasiya osamanga?"

"Ati? Ee, amenewo ndimamalizira pano."

"Nthawi zonse?"

"Kaya. Mwina."

"Mutakhalapo?"

"Ndimakhala chifukwa mawondo amandipweteka," anatero bamboyo, akuoneka wodabwa ndi funsolo. "Ndiye poti ndakhala kale, ndimangomaliziratu. Palibe nzeru iliyonse pamenepa."

Ketrina anakhala pansi pa simenti, sipanala ili m'manja, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi. Anakumbukira maola onse amene anadula mu vidiyo chifukwa cha ulemu. Munthu akakhala panjinga mabawuti asanamangidwe, felemu imakhazikika, mateyala onse anayi amaponda pansi mofanana, ndiye ukamanga zimakhala momwemo. Makina ake ankamanga zonse njinga ili m'mwamba, yopanda katundu. Anakumbukiranso kuti anzawo a matebulo ena njinga ikawavuta ankapita nayo kwa a Rowland, iwo n'kukhwefula apa ndi apo, kukhalapo pang'ono akucheza, n'kuibweza itachira. Aliyense ankangoti mdalayo ali ndi dzanja labwino.

"Ukuseka chiyani?" anafunsa a Rowland.

"Si manja anu okha amene amagwira ntchito pano," anatero Ketrina akupukuta m'maso.

A Rowland sanakhulupirire. Anati zimenezo ndi nkhani za anthu ophunzira kwambiri. Choncho anatenga ziwiri mwa njinga zokhota zija. Yoyamba anaikhwefula n'kuimanganso ili pa tebulo. Yachiwiri anaikhwefula, a Rowland n'kukhalapo, Ketrina n'kumanga. Anthu anasiya ntchito kudzaonerera. Yoyamba inapita ku bini. Yachiwiri inayenda mpata wonse osapatuka, mpaka inakaima pachitseko cha ofesi ya Christina, amene anatuluka kudzaona chagogoda.

A Rowland anaiyang'ana njingayo nthawi yaitali, kenako anayang'ana kapu yawo.

"Mkazi wanga wakhala akundinena kuti ndimalipidwa chifukwa chongokhala," anatero. "Musakamuuze kuti ankanena zoona."

Masana omwewo Ketrina analemba lamulo latsopano: mabawuti anayi ogwira mateyala asamangidwe mpaka njinga itaikidwa pansi n'kusenzetsedwa katundu wolemera ngati mwini wake. Sanaiuze kompyuta mmene ichitire zimenezo. Anafuna aone chimene ipange yokha. Anaika oda ya njinga ya munthu wamkulu, n'kudikira.

Kompyuta inafufuza mikono yake inayi, n'kupeza kuti palibe umene ungadinikize ndi mphamvu yoposa makilogalamu makumi atatu. Koma pamndandanda wa zimene inali nazo panalinso tebulo la munthu, limene Ketrina analiikapo kale kuti lizilandira ntchito zimene maloboti sangathe. Makina analumikiza njinga yonse, kusiya mabawuti anayi aja, kuitulutsa kunja kwa mpanda wa maloboti, n'kuima. Pa sikirini ya tebulo la a Rowland panatuluka mawu akuti munthu akhale panjinga, kenako amange mabawuti.

Christina anawerenga mawuwo kawiri, n'kugwira pakamwa.

"Tagula maloboti anayi," anatero, "kuti azilamula Rowland kukhala pansi."

"Bwana woyamba wanzeru amene ndagwira naye ntchito," anatero a Rowland, akupita kukathira madzi mu ketulo.

Masiku otsalawo anayesa njinga makumi awiri. Zonse zinawongoka. Njinga ikakhala ya munthu wochepa thupi, ankakhalapo ndi Ketrina kapena Christina, moti ofesi inayamba kuzolowera kuti bwana amatha kuitanidwa pakati pa foni. Christina anaitanitsa chida chodinikizira cholemera, koma anati chifika pakatha mwezi.

Alendo anabwera Lachinayi la sabata yotsatira, anthu atatu. Wowatsogolera anali Mayi Spencer, amene nawonso ankayendera njinga, yakale ndithu, yokhala ndi zomata za timu ya mpira kumbuyo. Sanafune zolankhula zambiri. Anaonerera njinga imodzi ya munthu wamkulu ikulumikizidwa, anaona a Rowland akuitanidwa ndi sikirini, n'kumwetulira pang'ono. Kenako anatulutsa pepala m'chikwama chawo.

"Izi mwakonzekera," anatero. "Ndikufuna ndione zimene simunakonzekere. Nayi miyezo ya mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wolemera makilogalamu makumi awiri ndi atatu. Amayendetsa ndi dzanja lamanja lokha. Zimatenga nthawi yaitali bwanji kusintha makinawa?"

Njinga za ana Ketrina anali atayesapo ziwiri zokha, lamulo latsopano lija lisanalembedwe. Analemba miyezoyo mu kompyuta. Sikirini inaonetsa kuti pakufunika felemu yaing'ono ndiponso kuti mkono umodzi usinthidwe zala. Ketrina anasintha zalazo, zimene zinamutengera mphindi zinayi. Atatseka mpanda, makina anayamba.

Mikono inkapatsirana zitsulo, kanjinga kofiira n'kumaoneka pang'onopang'ono. Katatsala pang'ono kutha, a Rowland anaimirira, kukonza lamba, n'kuyandikira mpanda kapu ili m'manja. Ketrina anawayang'ana, n'kuyang'ana kanjingako, kamene mpando wake sukanakwana ngakhale ntchafu yawo imodzi. Anatsegula pakamwa kuti awaletse.

Koma chitseko cha mpanda sichinatseguke. Mkono wonyamula unatsitsa kanjingako pansi, n'kutambasula zala zake pampando, n'kudinikiza. Pa sikirini nambala inakwera mpaka makumi awiri ndi atatu, n'kuima. Mkono wina unabwera n'kumanga mabawuti anayi aja. Kompyuta inali itaona kuti kulemera kwa mwanayo n'kosaposa mphamvu za mkono wake, ndiye sinavutitse munthu.

A Rowland anatsala ataima, kapu ili m'malere.

"Andichotsa ntchito pamaso pa alendo," anatero.

Mayi Spencer anaseka mokweza, mpaka anzawo awiri aja nawonso anamasuka. Anapempha kuti akakankhe okha. Anayendetsa njinga yawo kufika pampata, kugwira kanjinga kofiira ndi dzanja limodzi, n'kukakankha. Kanayenda tswii, osapendekera uku kapena uku, mpaka kukaima pakhoma.

"Njinga yanga yoyamba inkakokera kumanzere," anatero mayiwo. "Ndinaiyendera zaka zitatu ndikuganiza kuti wolakwa ndi mkono wanga. Ndani anawaphunzitsa zimenezi makinawa?"

Ketrina analoza a Rowland. A Rowland analoza Ketrina. Mayi Spencer analemba kanthu papepala lawo, n'kufunsa Christina ngati angabwerenso mwezi wamawa ndi anthu ena awiri, komanso ngati kanjinga kofiirako kangaikidwe zotsalira kuti mwini wake akalandire sabata yomweyo.

Alendo atapita, Christina anatuma munthu kukagula tchipisi ndi nsomba za aliyense, anthu n'kudyera pamatebulo pomwepo. Ketrina anaimbira Japhet, amene anali pa nthawi yopuma.

"Ndiye ovolosi yanga ibwera liti?" anafunsa Japhet atamva zonse.

"Iwala. Ndafupikitsa kale miyendo."

Lachisanu m'mawa, Ketrina ali pa kompyuta yake, a Rowland anabwera n'kuima pakhomo, akusisita chipewa m'manja. Sanali munthu wolowa m'maofesi.

"Hen, dzulo ndili m'basi ndimaganiza. Pali kanthu kena. Mwina n'kopanda ntchito."

"Nenani, a Rowland."

"Felemu ndisanaigwiritse ntchito, ndimaigogoda ndi sipanala. Sindinkadziwa kuti ndimatero. Lero m'mawa ndadzigwira ndikuchita. Zina ndimaziika pambali, ndipo owotcherera akaziona amapezadi kuti penapake sipanagwire bwino."

Anapita limodzi kumene ankasungira mafelemu. A Rowland anatenga imodzi, kuipachika pa chala, n'kuigogoda. Inalira ngati belu laling'ono. Anatenga ina imene anaiika pambali m'mawawo, n'kuigogodanso.

"Wamva?"

"Zikulira mofanana," anatero Ketrina.

"Ayi. Tamvetsera kumapeto kwake."

Anagogodanso. Ketrina anapukusa mutu. Anatenga sipanala n'kuyamba kugogoda yekha, felemu imodzi imodzi, khutu ali nalo pafupi, a Rowland ataima pambali manja ali kumbuyo. Anthu odutsa ankawayang'ana n'kumapitirira. Pa felemu yachisanu ndi chinayi Ketrina anaima. Anagogodanso kachiwiri. Kulira kwake kunkatha msanga, ngati wina wakugwira pakamwa.

"Iyi," anatero.

A Rowland anailandira, kuigogoda kamodzi, n'kuiika pambali.

"Zatsala makumi anayi," anatero. "Pitiriza."